Mawu Oyamba a Malamulo a Dziko Lathu

Tsamba loyamba

Dziko la Malawi lili ndi buku la malamulo aakulu oyendetsera dziko. Malamulo ena onse ali pansi pa bukuli. Pulezidenti, nduna, aphungu, oweruza milandu, apolisi ndi mafumu, onse ayenera kulimvera.

Musanafike pa ndime yoyamba ya bukuli, mumapeza mawu oyamba. Ndi mawu ochepa, osadzaza ngakhale theka la tsamba. Amanena amene akupanga malamulowa ndiponso chimene akuwapangira. Kuti tiwamvetse, tiyambe taona kumene tikuchokera.

Nthawi ya chipani chimodzi

Malawi adalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Malamulo a nthawiyo anali ndi gawo loteteza ufulu wa anthu. Mu 1966 dziko lidakhala ripabuliki ndipo malamulo atsopano adalembedwa. Gawo la ufulu wa anthu lija adalichotsa. Chipani chidatsala chimodzi, cha Malawi Congress Party. Mu 1971 Dr. Hastings Kamuzu Banda adakhala Pulezidenti wamuyaya.

Achikulire akukumbukira ngodya zinayi za nthawi imeneyo: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Zonse zinayi zinkanena za udindo wa munthu wamba kwa boma ndi chipani. Za udindo wa boma kwa munthu wamba, panalibe ngodya ngakhale imodzi.

Munthu wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pa chipata cha msika. Ena ankatsitsidwa m'basi. Amayi sankaloledwa kuvala thalauzi. Anthu ambiri adatsekeredwa ku Mikuyu ndi m'ndende zina osazengedwa mlandu.

Kalata, nyali ndi tambala

Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Idadzudzula umphawi, malipiro ochepa ndi mantha amene anthu ankakhala nawo. Mwezi wotsatira, a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe chifukwa chofuna zipani zambiri.

Pa 14 Juni 1993 kudachitika referendamu. Ofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda. Ofuna matipate ankasankha nyali. Nyali idapambana ndi mavoti oposa 60 mwa 100 alionse.

Malamulo olembedwa mwachangu

Boma latsopano likanayenda bwanji ndi malamulo a chipani chimodzi? Nthumwi za zipani zidakhala pansi mu bungwe la National Consultative Council n'kukonza malamulo ena. Nthawi inali yochepa. Nyumba ya Malamulo idawavomereza pa 16 Meyi 1994. M'mawa mwake anthu adaponya voti yosankha boma latsopano ndipo a Bakili Muluzi a chipani cha UDF adapambana pa mpando wa Pulezidenti. Malamulowa adayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994, poyamba kwa chaka chimodzi chowayesa. Mu 1995, utachitika msonkhano waukulu wowaunika, adakhazikika.

Tinene chilungamo: anthu ambiri akumudzi sadafunsidwe maganizo awo. Malamulowa adalembedwa m'Chingerezi, m'miyezi yowerengeka, ndi anthu a m'tauni. Komabe olembawo ankadziwa bwino zimene dziko lidadutsamo, ndipo mawu oyamba amaonetsa zimenezi.

Eni malamulo ndi ndani?

Mawu oyamba amayamba ndi kutchula anthu a Malawi. Satchula Pulezidenti, chipani kapena Nyumba ya Malamulo. Anthu ndiwo akuti akukhazikitsa malamulowa.

Ndime 12 imamveketsa mfundoyi. Imati mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu. Amene ali pa udindo angosungitsidwa mphamvuzo. Ali ngati msungichuma wa banki mkhonde: bokosi lili m'nyumba mwake, koma ndalama si zake, ndipo tsiku logawana ayenera kufotokoza za tambala iliyonse.

Atatchula anthu, mawu oyamba amapereka mfundo zinayi.

Moyo wa munthu

Mfundo yoyamba ndi yakuti moyo wa munthu ndi wopatulika, ndipo anthu onse ndi amodzi. Sadaiike patsogolo mwangozi.

Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Boma lidati inali ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene adachitika boma litasintha adapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi.

Chaka chomwecho cha 1983, a Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera Chirwa adagamulidwa kuti aphedwe. Mlandu wawo udazengedwa ku khoti la mafumu, kumene maloya sankaloledwa. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. A Vera adatuluka mu 1993.

Lero ndime 16 imateteza moyo. Ndime 19 imaletsa kuzunza munthu. Ndime 42 imati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ndipo akaonekere ku khoti pasanathe maola 48. Ndimeyi ndi yofunika kuisunga pamtima.

Chilango chonyonga sichidachotsedwe. Koma mu 2007 khoti lalikulu lidagamula kuti woweruza asakakamizidwe kupereka chilangochi kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha. Ayenera kumva kaye momwe zinthu zidachitikira.

Chikumbumtima ndi nzeru za gulu

Mfundo yachiwiri ndi yakuti anthu akutsogozedwa ndi chikumbumtima cha aliyense payekha komanso nzeru za onse pamodzi.

A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967 chifukwa ankakana kugula makadi a chipani. Nyumba zawo zidatenthedwa ndipo ambiri adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mlandu wawo unali wotsata chikumbumtima. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1993.

Mawu oyamba a ku Malawi satchula chipembedzo chilichonse. Anzathu a ku Zambia adasankha njira ina: kuyambira mu 1996 mawu awo oyamba amati Zambia ndi dziko la Chikhristu. Kuno Mkhristu, Msilamu ndi wa Gule Wamkulu amalowa pa khomo limodzi.

Ubwino wa onse

Mfundo yachitatu ikunena za moyo wabwino ndi chitukuko cha anthu onse, mgwirizano m'dziko ndi mtendere ndi maiko ena. Ndime 13 imatchula chakudya, zaumoyo, maphunziro, chilengedwe ndi kusasiyanitsa amayi ndi abambo. Apa ndi pamene tatsalira kwambiri. Aliyense amene wabwerako ku chipatala wopanda mankhwala akudziwa.

Boma lochitira zinthu poyera

Mfundo yachinayi ndi yofuna boma la demokalase, losabisa zochita zake, loyankha kwa anthu.

Mawu oyamba paokha sangakuwinitseni mlandu. Mano ali m'ndime zotsatira. Ndime 5 imati lamulo kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa n'chopanda mphamvu. Ndime 83 imati Pulezidenti alamulire zaka zisanu, ndipo asapitirire kawiri motsatizana.

Mu 2002 ena adafuna kuchotsa malire amenewa kuti a Muluzi aimenso. Mipingo ndi mabungwe adakana, ndipo ku Nyumba ya Malamulo mavoti sadakwane.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019. Mapepala ambiri a zotsatira anali atafufutidwa ndi tipeksi. Khoti lidalamula chisankho china, ndipo lidati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Anthu adavotanso pa 23 Juni 2020.

Zimene zidachotsedwa

Malamulo a 1994 anali ndi ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu adaichotsa mu 1995. Analinso ndi nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, mmene mukanakhala mafumu ndi nthumwi za magulu osiyanasiyana. Sidakhalepo n'komwe, ndipo mu 2001 aphungu adaifafaniza.

Ndime zambiri aphungu angathe kuzisintha ngati magawo awiri mwa atatu a Nyumba yonse avomereza. Koma ndime 196 imati mfundo zikuluzikulu, monga za ufulu wa anthu ndi za mwini mphamvu za boma, tanthauzo lake lisasinthidwe popanda kufunsa anthu pa referendamu. Kuchokera mu 1993, Malawi sadachitenso referendamu ina.