EL CID: NGWAZI YA PA BAISIKOPO NDI MUNTHU WA M'MBIRI

Ku Malambo, m'dziko la Mfumu Kakumbi, kumene kuli mlatho wa Luangwa wolowera ku nkhalango ya nyama, kavalo ndi nyama yacilendo. Njobvu, njati ndi mvuu mwana amazidziwa asanayambe sukulu, koma kavalo sakhalitsa m'cigwa cimeneci cifukwa ca nchenche za kashembe. Ngakhale ziri tero, anyamata ambiri a kumeneko anaona kale nkhondo za apakavalo obvala malaya acitsulo, ndi malinga amiyala otalika kuposa mlambe, pakuti zonsezi zimafika ndi kanema. Agogo ao anayamba kuona baisikopo pamene anapita kukagwira nchito ku migodi, kumene makampani ankaonetsa zithunzi pabwalo usiku. Iwo amaona pa wailesi ya kanema ndi pa lamya za m'manja.

Zithunzi zonena za ngwazi za ku Ulaya wakale ziripo zambiri. Ca Robin Hood cinaturuka mu 1938, ca Ivanhoe mu 1952. Koma cimene munthu wa mu Afirika ayenera kuciyang'anitsitsa ndi El Cid, ca mu 1961, cifukwa adani amene agonjetsedwa m'menemo ndi anthu ocokera mu Afirika.

Nkhani yace iri motere. Rodrigo, mnyamata wa ku Castile m'dziko la Spain, agwira mafumu a Cisilamu pa nkhondo, ndipo m'malo mowapereka kuti apacikidwe awamasula, iwo atalumbira kuti sadzamenyananso ndi mfumu yace. Mmodzi wa iwo amupatsa dzina lakuti Cid, liu locokera ku Ciluya lotanthauza mbuye. Cifukwa ca cifundo cimeneci anthu a kwao amuyesa wopandukira, ndipo mlanduwo umfikitsa pakupha atate a Jimena, namwali amene anali kufuna kukwatira. Pambuyo pace akakamiza mfumu yatsopano, Alfonso, kulumbira pamaso pa anthu onse kuti siinakhudzidwe ndi imfa ya mbale wace Sancho. Mfumu ilumbiradi, koma imthamangitsa m'dziko. Potsiriza Rodrigo alanda mzinda wa Valencia, akana ufumu wace nautumiza kwa Alfonso yemwe anamcimwirayo, ndipo alasidwa ndi mubvi pamene khamu la Ben Yusuf lafika kucokera tsidya la nyanja. Afa usiku. M'mawa mwace anthu ace amanga mtembo pa kavalo woyera, atsegula cipata, ndipo adani poona amene anamuyesa wakufa akubwera athawira m'nyanja, Ben Yusuf naponderezedwa ndi akavalo.

Ubwino wa cithunzici suli wobisika. Anthony Mann amene anacikonza sanacite ca masewera: anacijambula m'dziko la Spain lenileni, m'malinga akale enieni, ndipo asilikali ambiri a Boma la Spain ndiwo anabvala zankhondo kuti khamu lioneke khamudi. Munthu amene anangowerenga m'buku la sukulu kuti kale anthu ankazinga mizinda, pano aona ndi maso ace nsanja zamatabwa zikukankhidwira ku linga. Charlton Heston ndi Sophia Loren, amene akhala Rodrigo ndi Jimena, alankhula pang'ono, koma nkhope zao zisenza mlandu wobvuta wa mkazi amene akonda mwamuna wopha atate wace. Ndipo malo aja a lumbiro ndi amtengo wapatali. Munthu ali yense wokulira pa bwalo la milandu adziwa kulemera kwace kwa nduna imene iima pamaso pa mfumu ndi kuifunsa za mwazi, anzace onse atawerama. Cithunzici cionetsanso Msilamu, mfumu ya ku Zaragoza, ali bwenzi lokhulupirika kuposa Akristu ambiri, cinthu cimene zithunzi za masiku amenewo sizinkacita kawirikawiri.

Tsono mbiri inena ciani? Rodrigo Díaz wa ku Vivar analipodi, ndipo anali katswiri wa nkhondo wosagonja msanga. Koma nkhani ya lumbiro siipezeka m'zolembedwa za masiku ace. Inamera m'nyimbo ndi m'nthano patapita zaka zambiri iye atafa. Cimene cinakwiyitsa Alfonso mu 1081 ndi cakuti Rodrigo anakafunkha dziko la Toledo popanda cilolezo, pamene dzikolo linali m'manja mwa mfumu ya Cisilamu yotetezedwa ndi Alfonso yemweyo. Atapitikitsidwa anakalembedwa nchito ya nkhondo kwa mafumu a Cisilamu a ku Zaragoza, nawamenyera nkhondo zaka ngati zisanu, ndipo ena mwa amene anamenyana nao anali Akristu anzace. Mu 1082 anagwira mkulu wa ku Barcelona. Mu 1092 anatentha ndi kufunkha dera la La Rioja, m'dziko la Alfonso lomwe. Cuma cace cinacokera ku zofunkha ndi ku mitulo imene midzi ndi mizinda inkapereka kuti aileke.

Pa Valencia ndi pamene cithunzi ndi mbiri zisiyana koposa. Pa baisikopo, Rodrigo aponya mikate m'kati mwa linga kuti anthu anjala adye, ndipo iwo amtsegulira zipata mokondwa. Zoona zace n'zakuti njalayo anaidzetsa ndi iye, pozinga mzindawo miyezi yambiri kufikira unagonja mu June 1094. Caka cotsatira anatentha wamoyo Ibn Jahhaf, woweruza amene anali kulamulira mzindawo. Ndipo Valencia anaulamulira ngati wace. Anafa mu July 1099, osati pa nkhondo ai, koma m'nyumba. Mtembo wokwera pa kavalo ndi nthano imene inachuka pambuyo pace ku nyumba ya amonke kumene anaikidwa.

Nanga mdani uja? Herbert Lom, Mzungu wobadwira ku Prague, aoneka atabvala zakuda, maso okha ali pa mtunda, akulalikira za kupha ndi kutentha, ng'oma zikulira kumbuyo kwace. Woona aturuka akuganiza kuti ku Afirika kunangocokera mdima. Koma Yusuf ibn Tashfin anali mfumu yaikuru ya Aberiberi a ku cipululu ca Sahara, ndipo likulu lace linali Marrakesh, mzinda umene ulipo kufikira lero m'dziko la Morocco. Ku Spain anacita kuitanidwa ndi mafumu a Cisilamu, Alfonso atalanda Toledo mu 1085, ndipo mu 1086 anagonjetsa Alfonso kotheratu pa Zallaqa. Ndi zoona kuti Rodrigo anabalalitsa asilikali ace pafupi ndi Valencia mu 1094, koma anthu awiriwa sanakomane maso ndi maso pa nkhondo. Yusuf sanapondedwe ndi kavalo ali yense. Anamwalira ali nkhalamba mu 1106, Rodrigo atagona m'manda zaka zisanu ndi ziwiri.

Cifukwa cace ca kupotoza kotere sicisowa. Cithunzici cinajambulidwa pamene Spain anali m'manja mwa General Franco, amene ankakonda kuyerekezedwa ndi El Cid, ndipo mu 1955 iye mwini anatsegulira cifanizo ca ngwaziyo ku Burgos. Msilikali wolembedwa nchito ndi Asilamu, wofunkha dziko la mfumu yace, sakadakondweretsa eni asilikali aja amene anabwerekedwa. Ndiponso ogula matikiti amafuna munthu mmodzi woti amkonde ndi mmodzi woti amude.

Apa ndi pamene anthu a kwa Kakumbi ali ndi diso limene ambiri alibe. Akunda a m'cigwa ca Luangwa, amene makolo ao anatsogozedwa ndi Mambwe, anaidziwa nkhondo ya zofunkha ndi mitulo kumbali ya wofunkhidwa. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo pamene Mpezeni anakhazikika ku mapiri a kufupi ndi Chipata wa lero, magulu ace ankhondo ankatsikira kucigwa kudzatenga anthu ndi zakudya. Acikunda a mfuti, osaka minyanga ndi akapolo, nawonso ankakwera ndi mtsinje kucokera ku Zumbo. Wina atafuna kukonza cithunzi ca Nsingo, mwana wa Mpezeni, amene anatsogolera Angoni pomenyana ndi Azungu mu January 1898 ndi kuomberedwa atagwidwa, angapeze zonse zofunika: nthenga, zikopa, ingoma, ndi imfa ya munthu wolimba mtima. Cikadakhala cithunzi cokoma, ndipo kulimba mtimako sikukadakhala bodza. Koma Akunda akadaoneka kamphindi cabe, akuthawa m'mudzi woyaka moto, opanda maina, monga momwe alimi a ku La Rioja saonekera konse mu El Cid. Mai amene anabisa ana ace m'bango usiku wonse, ndi nkhalamba imene inayang'ana nkhokwe ya mapira ikupsa, alibe malo pa nsalu yoyera ija, pakuti galasi lojambulira limatsata wokwera pa kavalo.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma baisikopo ya mtundu uwu imakhalira pa mutu umodzi. Mu El Cid ngakhale mtembo wa ngwazi upambana khamu lonse, ndipo cithunzi cithera pomwepo, kavalo akuthamanga m'mphepete mwa nyanja.

Mbiri yokha ipitirira pang'ono. Rodrigo atafa, amene anasunga Valencia ndi Jimena, mkazi wamasiye, pafupifupi zaka zitatu. Mu 1102 asilikali a Yusuf atapanikiza mzindawo, Alfonso anabwera, naona kuti sungachinjirizike, nalamula kuti Akristu aturuke ndi kuutentha. Jimena ananyamula mtembo wa mwamuna wace ulendo wautali wa kumpoto, nakauika ku San Pedro de Cardeña pafupi ndi Burgos. Valencia unakhala m'manja mwa Asilamu kufikira 1238.