Malonda a Chotupitsa Pasaka Isanalowe

Chaka ndi chaka, phwando la Pasaka likayandikira, Ayuda ambiri pa dziko lonse amachita malonda odabwitsa. Amagulitsa mikate, mabisiketi ndi mowa kwa munthu amene si Myuda, koma katunduyo sachoka m'nyumba zawo, ndipo phwando likatha amamugulanso. Mwambowu uli ndi mbiri yaitali.

Gwero lake lili m'buku la Eksodo, mutu 12 ndi 13. Pokumbukira kuti makolo awo anatuluka mu Igupto mofulumira, mtanda usanatupe, Ayuda saloledwa kudya kapena kusunga chotupitsa masiku 7 a phwandolo. Okhala kunja kwa Israel amasunga masiku 8. Chotupitsacho amachitcha chametz, ndipo ndi chakudya chilichonse chochokera ku tirigu, barele ndi mbewu zina zitatu za mtundu womwewo, chimene chakhudzana ndi madzi ndi kusasa. Usiku woti mawa madzulo phwando liyamba, banja limafunafuna nyenyeswa m'nyumba monse ndi kandulo, ndipo kukacha limaziotcha.

Kuotcha nyenyeswa nkosavuta. Nanga munthu amene chuma chake chonse chili m'chotupitsa atani? Aphunzitsi a chilamulo, otchedwa marabi, anagamula kuti chotupitsa chimene Myuda wakhala nacho m'masiku a Pasaka ncholetsedwa ngakhale phwando litatha. Komabe buku lakale la Tosefta limakamba za Myuda amene Pasaka yamupeza ali m'chombo pamodzi ndi munthu wa mtundu wina. Iye angathe kumugulitsa kapena kumupatsa mnzakeyo chotupitsa chake, nkudzachitenganso pambuyo pake, malinga kupatsako kukhale koona. Buku la malamulo la Shulchan Aruch, lolembedwa ndi Joseph Karo ndi kusindikizidwa ku Venice mu 1565, linavomereza njirayi, koma katundu anayenera kutuluka m'nyumba ya Myudayo.

Zinthu zinasintha ku Poland. Kumeneko Ayuda ambiri ankakhalira kutcheza ndi kugulitsa mowa wa mbewu m'midzi ya eni minda. Kusamutsa migolo yonse chaka ndi chaka kunali kosatheka, ndipo kuikhuthula kukanagwetsa mabanja mu umphawi. Rabi Joel Sirkis wa ku Kraków, amene anamwalira mu 1640, analola kuti migoloyo ikhale pomwe ili, koma wogulayo agulenso chipinda chosungiramo ndi kulandira kiyi wake. Motero mowa unali m'nyumba ya mwini wake watsopano.

M'zaka za m'ma 1800 anthu anayamba kupatsa rabi wa mudzi mphamvu yowagulitsira onse pamodzi, poopa kuti munthu wamba angaphonye malamulo a malonda. Wogula amapereka ndalama pang'ono, ndipo zotsalazo zimalembedwa ngati ngongole. Ku Israel, akuluakulu a marabi amagulitsa chotupitsa cha boma m'njira yomweyi, ndipo kwa zaka zambiri wogula wakhala Mwarabu wa ku Abu Ghosh, pafupi ndi Yerusalemu.

Si onse amene anakondwera nawo mwambowu. Rabi Elijah wa ku Vilna, amene anamwalira mu 1797, sanafune malonda oti mwini katundu akudziwa kale kuti adzamutenganso, ndipo mpaka lero mabanja ena amamaliza kapena kuotcha chotupitsa chawo chonse. Ouvomereza amayankha kuti malondawo ngoona pamaso pa lamulo: m'masiku a phwando katunduyo ngwa wogula, ndipo atafuna kulipira mtengo wonse ndi kumunyamula, palibe angamuletse. Nchifukwa chake makabati ogulitsidwa amatsekedwa ndi kuikidwa chizindikiro, ndipo mwini nyumba sawatsegula kufikira rabi atagulanso katunduyo phwando litatha.