Mliri ndi Mitima ya Okalamba kwa Kanyenda

Mu Epulo 2020 boma la Peter Mutharika linalamula kuti anthu abindikire m'nyumba masiku 21 poopa Covid-19, koma Bwalo Lalikulu linaimitsa lamulolo. Choncho misewu sinatsekedwe, ndipo wina angayese kuti odwala mtima anapitiriza kupita kuchipatala monga kale. Sizinali tero ayi.

Taganizani za nkhalamba ya kwa Kanyenda yodwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi. Nthenda yotere imafuna mapiritsi osadukiza ndi kupimidwa kaŵirikaŵiri. Ikamkulira, chipatala chaching'ono cha Nkhunga ku Dwangwa chimamtumiza ku chipatala cha ku boma la Nkhotakota, ulendo wautali ndithu. Tsono maminibasi atalamulidwa kuchepetsa okwera, mtengo wa ulendo unakwera.

Koma choposa ndalama chinali mantha. Wailesi inkachenjeza, ndipo sinkanama, kuti okalamba ndi odwala mtima ndiwo mliriwu ungaŵaphe msanga. Onani tsoka lake: mtima ukafooka munthu amabanika, Covid-19 nayenso amabanikitsa. Gogo wopuma movutikira akanafuna bwanji kukaonekera kumene angampatule kwa abale ake? Nduna ziŵiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale 2021, wa kumudzi anadzifunsa kuti nanga iye ndani.

Sizinali za kuno kokha. Mu Meyi 2020 bungwe la WHO linafunsa maiko 155, ndipo oposa theka anati chithandizo cha odwala kuthamanga kwa magazi chasokonezeka.