Kulowa kwa madzi mu silinda ya injini ya boti

Kulowa kwa madzi mu silinda ndi vuto la injini ya boti yomangirira kumbuyo, lomwe limachitika madzi akafika m'malo oyakira petulo. Silinda ndi mphako yachitsulo momwe pisitoni imayendamo, ndipo m'mainjini otere masilinda amasanjikizana, ina pamwamba ina pansi, chifukwa kirankishafuti, mtanda womwe mapisitoni amazunguza, imakhala choimirira kuti mphamvu itsikire ku chopalasira madzi.

Mzinda wa Chipata ulibe nyanja, koma mainjiniwa ndi odziwika m'dera lozungulira. Ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, maboti amanyamula alendo pa mtsinje wa Luangwa m'nyengo ya dzinja madzi akadzaza. Kumene Luangwa athira mu Zambezi, maboti amaolotsa anthu pakati pa tauni ya Luangwa ndi Zumbo ku Mozambique. Ndipo kutsidya kwa malire a Mwami ndi Mchinji, asodzi a usipa a ku Salima ndi Nkhotakota amadalira mainjini monga Yamaha Enduro, omwe petulo wake amasakaniziratu ndi oyilo. Makaniko wa m'tauni amene anaphunzirira ntchito pa galimoto amapusitsika mosavuta akalandira injini yotere, popeza anazolowera kuti gasiketi ikapsa madzi amatsika mu rediyeta. Injini ya boti ilibe rediyeta. Imayamwa madzi a mumtsinje kudzera mu impela, kapampu kamphira kokhala ndi mapiko komwe kali m'mwendo wa injini, n'kuwazunguliza m'mipata ya m'mbali mwa masilinda, kenako n'kuwataya pamodzi ndi utsi, kotero kuti madzi ngakhale atadontha chotani palibe thanki yoti ionetse kuchepa.

Umboni woyamba umapezeka pa pulagi, kachipangizo koyatsa petulo mu silinda. Pulagi ya injini yosakaniza oyilo ndi petulo imakhala yofiirira kapena yoderako kunsonga, pamene ya m'silinda yolowa madzi imatuluka yoyera mbuu ngati yatsopano, chifukwa nthunzi imatsuka mwaye wonse; nthawi zina pamaoneka timadontho, thovu lotuwa kapena dzimbiri pa kawaya kopindika ka kunsonga. Mapulagi amayenera kuikidwa motsatana monga anachokera, pakuti funso lalikulu n'lakuti ndi silinda iti yomwe yanyowa. Onse akanyowa, choyamba kukayikira ndi petulo, makamaka wogulidwa m'zigubu kapena wa m'thanki yomwe kabowo kake kopumira kanasiyidwa kotsegula pamvula. Petulo wotere akathiridwa m'botolo loonekera n'kulisiya kwa mphindi zingapo, madzi amadikha pansi ndipo pamakhala mzere woonekeratu. Kuyesa kumeneku sikufuna ndalama, ndipo n'kulakwa kumasula hedi, chivundikiro cha masilinda, musanakuchite.

Ikanyowa silinda imodzi yokha, njira zolowera madzi n'zowerengeka. Yodziwika kwambiri ndi gasiketi ya hedi, chotsekera chopyapyala cha pakati pa thupi la injini ndi chivundikiro cha masilinda, yomwe kawirikawiri imapsa injini ikatenthetsa. Apa mtsinje wa Luangwa uli ndi mbali yake, chifukwa madzi ake a dzinja amakhala odzaza matope ndi mchenga, ndipo mchengawo umadya mapiko a impela mpaka kamkodzo ka madzi kotuluka kumbuyo kwa injini kayambe kufooka. Woyendetsa akapitiriza ulendo osakalabadira, hedi ya aluminiyamu imapindika ndi kutentha. Chipangizo choyezera kompuleshoni, kutanthauza mphamvu yomwe pisitoni imapanira mpweya, chimalowetsedwa pa bowo la pulagi, ndipo chofunika kwenikweni ndi kusiyana kwa masilinda, komwe kukaposa magawo 10 mpaka 15 pa 100 kumasonyeza kuti penapake pakutuluka mpweya. Hedi ikachotsedwa, pa gasiketi pamaoneka kanjira kakuda kapena kadzimbiri kochokera ku mpata wa madzi, ndipo rula yachitsulo yowongoka ikagonekedwa pa hediyo imaonetsa ngati yapindika.

Komabe kompuleshoni yabwino siitsimikiza kuti injini ili bwino. M'mbali mwa masilinda muli chivundikiro cha ekizozi chokhala ndi mbale yamkati yolekanitsa utsi wotentha ndi madzi, ndipo mbaleyi ikabooka kapena gasiketi yake ikatha, madzi amawazikira pa mabowo otulukira utsi n'kubwerera mu silinda, kompuleshoni ili yonse. Silinda yapansi ikamanyowa yokha mobwerezabwereza, chokayikitsa china ndi silo ya kumunsi kwa kirankishafuti, mphete yamphira yomwe ikatha imalola injini kuyamwa madzi kuchokera kumwendo. Mng'alu wa m'thupi la injini ndi wosowa, ndipo umaganiziridwa zina zonse zikalephera. Mainjini okhala ndi oyilo wakewake m'munsi amapereka chizindikiro china, chomwe ndi oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka pa kachitsulo koyezera.

Palinso madzi olowa injini ili yozima. Ikangochotsedwa pa boti n'kugonekedwa m'galimoto mwendo uli pamwamba kuposa mutu, madzi otsalira mu ekizozi amayenderera kulowa m'silinda iliyonse yomwe bowo lake lili lotsegula, ndipo pa ulendo wochokera ku Mfuwe kufika ku galaja ya ku Chipata injini yomwe inali ndi vuto laling'ono la kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, ikhoza kufika ili ndi lachiwiri. Iyenera kuimikidwa kaye mpaka madzi onse atakha, ndipo mutu ukhale pamwamba nthawi zonse.

Kuchedwa kumawononga kuposa madziwo. M'injini yosakaniza oyilo, petulo amadutsa kaye pa maberingi a kirankishafuti asanafike mu silinda, ndipo maberingi amenewa akanyowa amayamba dzimbiri pa tsiku limodzi kapena awiri. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho akachuluka pisitoni imaima mwadzidzidzi, ndipo kukoka chingwe cholizira injini mokakamiza kumapinda ndodo yolumikiza pisitoni ndi kirankishafuti. Injini yomwe yamira kapena yalimba chingwe imachotsedwa mapulagi, n'kuigoneka mabowo atayang'ana pansi, n'kuizunguza pang'onopang'ono ndi dzanja mpaka madzi atatha, kenako oyilo amathiridwa m'masilinda ndi pakamwa pa kabuleta, ndipo ngati ikuzungulira bwino imalizidwa tsiku lomwelo ndi petulo watsopano kuti kutentha kuumitse chinyezi chotsalira.