Osindikiza mabuku akachepetsa mitundu ya katundu: zifukwa ndi zotsatira zake

Kampani yaing'ono yosindikiza mabuku imafika nthawi yoti isankhe mitundu ya mabuku yomwe ipitirize kutulutsa ndi yomwe isiye. Chiganizo chotere chimamangidwa mu ofesi ndipo kawirikawiri sichilengezedwa, koma zotsatira zake zimaonekera m'masitolo. Kholo la ku Namiwawa, Ndirande kapena Bangwe likalowa m'sitolo ya mabuku mumzinda wa Blantyre limapeza mabuku a sukulu ndi a chipembedzo ali mbwee, pomwe nthano zatsopano za m'Chichewa n'zochita kufunsa. Nkhani ino ikufotokoza momwe zinthu zinafikira pamenepa, komanso momwe osindikiza ang'onoang'ono a ku America, omwe amapanga masewero a nthano a patebulo, anachitira atakumana ndi vuto lomweli.

Ndalama za wosindikiza zimalowa pati?

Ngakhale timawatchula ndi dzina limodzi, wosindikiza buku ndi wosiyana ndi mwini makina osindikizira. Mwini makina amalandira malipiro ake ntchito ikangotha. Wosindikiza ndiye amasankha zolembedwa, kulipira mkonzi ndi wojambula zithunzi, kulipira mapepala, kusunga mabuku ndi kuwatumiza m'masitolo, kenaka n'kudikira miyezi kapena zaka kuti ndalama yake ibwerere.

Zina mwa ndalamazi sizisintha, kaya makope ndi 500 kapena 5 000. Mkonzi amakonza buku kamodzi, chikuto chimajambulidwa kamodzi. N'chifukwa chake mtengo wa kope limodzi umatsika makope akachuluka. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi ogula 3 000. Ikatulutsa buku limodzi lomwe onsewo akulifuna, imalipira akonzi ndi ojambula kamodzi. Ikatulutsa mabuku a mitundu itatu, mtundu uliwonse n'kukopa ogula 1 000, imalipira katatu pomwe ndalama yolowa ndi yomwe ija. Nalo buku losagulidwa limadya ndalama, chifukwa limafuna malo osungira ndipo chinyontho ndi chiswe sizilisiya.

Pomwe Blantyre ndi Limbe zinali pachimake

Ntchito yosindikiza mu Blantyre inayamba ndi mishoni ya mpingo wa Church of Scotland yomwe inakhazikitsidwa mu 1876. Pofika 1888 mishoniyi inkatulutsa magazini yakeyake. Mamishoni ankasindikiza zofunika pa ntchito yawo: malemba, nyimbo ndi mabuku ophunzitsira kuwerenga. Nthano zopeka zinabwera pambuyo. Nthondo, buku la Samuel Josia Nthara, linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa.

Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha fuko, ndipo chaka chomwecho mipingo inakhazikitsa bungwe losindikiza ndi kugulitsa mabuku la CLAIM. Ku Limbe, kampani ya Popular Publications, yomwe inkatulutsanso magazini ya Moni, inayamba mndandanda wa mabuku wa Malawian Writers Series mu 1974. Mumndandandawu munatuluka mabuku a Chingerezi ndi Chichewa omwe, monga Nine Malawian Plays mu 1976, sewero la The Rainmaker la Steve Chimombo mu 1978, komanso Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani. Kampani ya Dzuka ya mu Blantyre inasindikiza Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, n'kutulutsanso mabuku akale a John Gwengwe monga Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo. Aubrey Kalitera anatsegula kampani yake ya Power Pen Books n'kumadzigulitsira yekha nthano zake.

Zonsezi zinkachitika pansi pa lamulo la mu 1968 lounika mabuku ndi zisudzo, lomwe linkapatsa boma mphamvu yoletsa buku lililonse. Ngakhale zinali choncho, wowerenga wa m'zaka za m'ma 1980 anali ndi nthano zambiri za m'Chichewa zosankhapo.

Chifukwa chake buku la sukulu linapambana

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukuluzi chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo patapita zaka chikhamuchi chinayamba kufuna malo ku sekondale. M'zaka zomwezo bungwe la boma la Malawi Book Service, lomwe linkafikitsa mabuku m'maboma, linatsekedwa. Msika wa sukulu unakula pomwe njira yofikira wowerenga wamba inachepa.

Mabuku a pulayimale amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi, koma a sekondale amalembedwa ndi kusindikizidwa ndi makampani omwe si aboma, ndipo amayenera kuvomerezedwa asanalowe m'kalasi. Buku likalowa pa mndandanda wovomerezeka, wosindikiza amadziwiratu kuti sukulu ndi makolo adzaligula chaka ndi chaka. Nthano kapena ndakatulo zimapeza mwayi wotere pokhapokha zikasankhidwa kukhala za mayeso a MANEB. Zina zonse zimadalira munthu yemwe watsala ndi kangachepe atagula ufa ndi makala.

Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho mtengo wa buku umatsatira mphamvu ya kwacha. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zakunja zikasowa, wosindikiza amaika mapepala ochepa omwe wapeza pa buku lomwe akutsimikiza kuti liyenda malonda. Palinso vuto la anthu okopera mabuku mwachinyengo, lomwe bungwe la COSOMA lakhala likulimbana nalo kuyambira pomwe linakhazikitsidwa mu 1992.

Kudalira buku la sukulu lokha kulinso ndi zoopsa zake. Silabasi ikasintha, makope omwe atsala m'nyumba yosungiramo katundu amasanduka mapepala okulungira nsomba. Wogula wamkulu akachedwa kulipira, kampani yonse imaima.

Zomwe zinachitikira opanga masewero a patebulo

Vutoli linaonekera bwino kwambiri pakati pa makampani a masewero a nthano a patebulo, omwe mbiri ya malonda awo inalembedwa poyera. Pa masewerowa, anthu angapo amakhala mozungulira tebulo. Mmodzi amatsogolera nthano, enawo aliyense amakhala mtengambali ndipo amanena zomwe akufuna kuchita, pomwe madayisi amagamula ngati zatheka kapena ayi. Zikufanana ndi nthano za pamoto, kungoti apa omvera ndiwo amasankha njira yomwe kalulu adzere. Malamulo a sewero ndi mbiri ya dziko lopekalo zimakhala m'mabuku, choncho makampaniwa ndi osindikiza mabuku monga ena onse.

Sewero loyamba kugulitsidwa la mtunduwu ndi Dungeons & Dragons, lomwe Gary Gygax ndi Dave Arneson analemba. Kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin inalitulutsa mu 1974, poyamba makope 1 000 okha. Sewerolo litatchuka, TSR inayamba kuchulukitsa maiko opeka, lililonse ndi mabuku akeake: Dragonlance mu 1984, Forgotten Realms mu 1987, Spelljammer mu 1989, Ravenloft mu 1990, Dark Sun mu 1991, Planescape mu 1994 ndi Birthright mu 1995. Inaonjezeranso mabuku a nthano, sewero la makadi ndi lina la madayisi okhaokha.

Ogula sanachuluke molingana ndi katunduyo. Anangogawikana, wokonda dziko limodzi osagula mabuku a dziko lina. Kumapeto kwa 1996 kampani ya Random House, yomwe inkagawa mabuku a TSR m'masitolo, inabweza katundu wambiri wosagulidwa, ndipo TSR inalephera kulipira eni makina osindikizira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu 1997 TSR inagulidwa ndi Wizards of the Coast, yomwe nayo inagulidwa ndi Hasbro mu 1999.

Eni atsopanowo anaimitsa ambiri mwa maiko opeka aja n'kulimbikira pa mabuku atatu a malamulo. Mu 2000 anatulutsa chilolezo chotchedwa Open Game License, chomwe chinalola makampani ena ang'onoang'ono kulemba mabuku oonjezera pogwiritsa ntchito malamulo a seweroli. Mwa njira imeneyi, katundu wa ogula ochepa anapitirira kutuluka koma ndi ndalama za anthu ena.

Chitsanzo china ndi Evil Hat Productions, kampani yaing'ono yomwe Fred Hicks ndi Rob Donoghue anayambitsa. Mu 2013 anthu oposa 10 000 anasonkha madola oposa 400 000 kudzera pa Kickstarter kuti buku lake la Fate Core lisindikizidwe. Kampaniyi inalowanso m'mabuku a nthano ndi masewero a makadi. Mu Okutobala 2018 inalengeza kuti yakula mofulumira kuposa ndalama zomwe zimalowa. Inaimitsa ntchito zingapo zomwe zinali m'kati, ena mwa ogwira ntchito anachoka, ndipo inabwerera ku masewero omwe ankaidyetsa, monga Fate, Blades in the Dark ndi Monster of the Week. Inachepetsa katundu isanagwe, ndipo inapitiriza kusindikiza.

Mabuku osiyidwa amapita kuti?

Zitsanzozi zikuonetsa kuti kuchepetsa mitundu ya katundu kumapulumutsa kampani. Funso lomwe limatsala ndi la mabuku omwe asiyidwa. M'dziko muno, ambiri mwa mabuku a nthano a m'zaka za m'ma 1980 akupezeka m'malaibulale ndi kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu basi. Mwana yemwe amangokumana ndi buku la Chichewa pokonzekera mayeso amaliona ngati ntchito, ndipo akamaliza sukulu saliyang'ananso.

Pali osindikiza ena m'dziko muno omwe anasankha gawo laling'ono n'kukhazikika pomwepo. Kachere Series ya ku Zomba, yomwe inayambira ku Chancellor College m'zaka za m'ma 1990, inalimbikira pa mabuku a chipembedzo, mbiri ndi chikhalidwe. Mzuni Press ndi Luviri Press za ku Mzuzu zinatsata njira yofananayo. Mabuku awo amagulitsidwanso kunja kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford, yomwe imasindikiza kope pokhapokha wina akaliitanitsa, zomwe zimachotsa vuto la katundu woola m'nyumba yosungira.

Kwa alembi, nkhani yaikulu ili mu mgwirizano womwe amasayina. Lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016 limateteza buku pa moyo wonse wa mlembi ndi zaka 50 iye atamwalira. Koma ngati mlembi anapereka ufulu wosindikiza kwa kampani popanda ndime yonena kuti ufuluwo udzabwerera kwa iye buku likasiya kusindikizidwa, bukulo lingathe kukhala zaka zambiri lili chigonere, mwini wake osaloledwa kupita nalo kwina. Mlembi, kapena ana a mlembi yemwe anamwalira, ayenera kuwerenga mgwirizanowo ndi kufunsa kampani ngati ikufunabe bukulo. Kampani yomwe yasankha mabuku a sukulu sitaya kanthu pomasula nthano yomwe siikugulitsa, ndipo wosindikiza wina wamng'ono angathe kuibwezera m'manja mwa owerenga.