Tabuleti m'malo mwa laputopu

Tabuleti ndi kompyuta yopyapyala imene munthu amaiyendetsa pokhudza galasi lake ndi chala kapena ndi cholembera chapadera. Kuyambira m'chaka cha 2010, pamene makina amenewa anafala, opanga ndi ogula akhala akutsutsana ngati tabuleti ingagwire ntchito zonse zimene laputopu imagwira mu ofesi, kusukulu ndi pa malonda.

Kampani ya Microsoft inayesapo mu 2002 ndi makina otchedwa Tablet PC, koma anali olemera ndi odula, choncho sanayende malonda. Zinthu zinasintha pamene Steve Jobs wa kampani ya Apple anaonetsa iPad mu January 2010 ku San Francisco. Iye anati chipangizochi malo ake ndi pakati pa foni ndi laputopu, ndipo ambiri ankachigulira kuwerengera mabuku, kuonera mafilimu ndi kuyang'ana pa intaneti. Microsoft inabwereranso mu 2012 ndi Surface RT, yomwe inalephera chifukwa sinkalandira mapulogalamu akale a Windows, moti mu 2013 kampaniyo inalengeza kuti yaluzapo ndalama pafupifupi madola 900 miliyoni. Surface Pro 3 ya mu 2014 ndi imene inatsatsidwa poyera kuti ndi tabuleti yolowa m'malo mwa laputopu. Kunena zoona, iyi inali laputopu ndithu yongochotsedwa kiyibodi, pakuti inkayendera Windows yathunthu.

Apple inayenda pang'onopang'ono. iPad Pro inatuluka mu 2015 pamodzi ndi cholembera cha Apple Pencil. Pulogalamu yosungiramo mafayilo inadza mu 2017, kuwerenga fulashi mu 2019, ndipo mu 2020 ndi pomwe mausi inayamba kugwira bwino. Mu 2021 iPad Pro inapatsidwa chipu cha M1, chomwechonso chimene chinali mu MacBook Air. Kumbali ya Android, Samsung inaika DeX pa Galaxy Tab S4 mu 2018, njira yotsegulira mapulogalamu angapo m'mawindo ngati pa kompyuta wamba.

Kuchokera pamene iPad inapatsidwa chipu cha M1, mphamvu ya makina inaleka kukhala vuto. Chotsalira ndi mapulogalamu. Excel ya pa iPad, mwachitsanzo, siyendetsa ma macro a VBA, amene owerengera ndalama ambiri amadalira pokonza malipoti a mwezi. Xcode, chida chachikulu cha olemba mapulogalamu a Apple, imapezeka pa Mac pokha. Photoshop inafika pa iPad mu 2019 ili yoperewera zida zambiri. Ntchito yofuna kuyang'ana zikalata zitatu nthawi imodzi, kukopera manambala uku ndi kuwaika uko, imachedwa pa galasi laling'ono ngakhale chipu chikhale chothamanga chotani.

Palinso nkhani ya kulemera ndi mtengo, imene otsatsa malonda sakonda kuitchula. Wolemba kwambiri amafunika kiyibodi, ndipo kawirikawiri iyo imagulidwa payokha. iPad Pro ya mainchesi 12.9 ya mu 2020 ikalumikizidwa ku Magic Keyboard inkalemera kuposa MacBook Air ya chaka chomwecho, yomwe inali makilogalamu 1.29.

Komwe tabuleti yapambana kwenikweni ndi ku ntchito zogwira munthu ali chiimire kapena ali pa ulendo. Oyendetsa ndege a American Airlines anasiya kunyamula zikwama za mabuku ndi mapu zolemera makilogalamu oposa 15 atapatsidwa ma iPad mu 2013. Ojambula zithunzi amagwiritsa ntchito Procreate, pulogalamu yopangidwa ku Hobart m'dziko la Australia. Ku Malawi, kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu 2018 anachitika pogwiritsa ntchito matabuleti, ndipo owerenga ankalowetsa mayankho pakhomo pomwepo m'malo modzaza mapepala. Batire ya tabuleti imakhalitsanso, ndipo matabuleti ambiri amatha kutchajidwa ndi pawabanki kapena sola yaing'ono, chinthu chothandiza kumene magetsi amazimazima.

Wophunzira, mtolankhani kapena wamalonda amene ntchito yake ndi kuwerenga, kulemba makalata ndi kuchita misonkhano ya pa intaneti angakwanitse ndi tabuleti yokhala ndi kiyibodi. Koma wowerengera ndalama, injiniya ndi wolemba mapulogalamu ayambe aona ngati pulogalamu imene amadalira tsiku ndi tsiku ilipo yathunthu pa tabuletiyo asanagulitse laputopu yake.