Makina a Offset a Mitundu Iwiri ndi Mawu Ofunika Powasankha

Kusindikiza kwa offset kumadalira mfundo yakuti mafuta ndi madzi sizisakanikirana. Alois Senefelder anayamba kugwiritsa ntchito mfundoyi ku Munich mu 1796, posindikiza ndi mwala wosalala. Masiku ano m'malo mwa mwala pali pleti, chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu. Mbali za pleti zokhala ndi zilembo zimakoka inki, yomwe ndi yamafuta, pomwe mbali zopanda kanthu zimagwira madzi n'kukana inkiyo. Pletiyo sikhudza pepala. Imasiya inki pa bulangeti, nsalu yokutidwa ndi labala, ndipo bulangetilo ndilo limadinda pepala. Choncho pamakhala masilinda atatu: ya pleti, ya bulangeti, ndi yachitatu yokanikizira pepala ku bulangeti. Masilindawa, pamodzi ndi marola a inki ndi a madzi, amapanga yuniti, ndipo yuniti imodzi imasindikiza mtundu umodzi.

Makina otchedwa a mitundu iwiri sapangidwa mofanana, ndipo ogula ambiri amasokonekera pomwepa. Ena ali ndi mapleti awiri otsitsira inki pa bulangeti limodzi. Ndimo mmene alili makina a AB Dick oikidwa mutu woonjezera wotchedwa T-head, komanso Heidelberg Quickmaster 46-2. Mtengo wake ndi wotsikirapo ndipo satenga malo ambiri, koma mitundu iwiriyo ikasanjikizana pa bulangeti, inki ina imabwerera pa pleti ya inzake n'kuyamba kuidetsa. Amachita bwino pa ntchito imene mitundu yake yatalikirana, monga malisiti a zilembo zakuda okhala ndi chizindikiro chofiira pamwamba. Makina ena, monga Ryobi 3302 ndi Heidelberg GTO 52 ya mayuniti awiri, amapatsa mtundu uliwonse bulangeti lakelake. Awa ndiwo oyenera pamene mitundu ikukhudzana kapena kukwerana.

Kukwerana kwa mitunduku kumafuna register, kutanthauza kugwera kwa mtundu uliwonse pamalo pake penipeni papepala lililonse. Pepala lisanalowe limawongoledwa kutsogolo ndi m'mbali, kenako timano totchedwa magripa timaligwira m'mphepete n'kulipititsa m'masilinda. Timanoti tikatha kapena tikafooka, zilembo zimaoneka ngati zili ndi mthunzi. Register ndi yofunika kwambiri pa zithunzi za mitundu yonse, zomwe zimapangidwa ndi inki zinayi: cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda, mwachidule CMYK. Pa makina a mayuniti awiri pepala limadutsa kawiri, ndipo pakati pa maulendowo limatha kufutukuka chifukwa cha chinyezi, marola nawo n'kufunika kutsukidwa. Zimatheka ndithu, koma amene makasitomala ake amafuna makalendala ndi mapositala a zithunzi tsiku ndi tsiku sangapindule nawo makina otere. Phindu lawo lili pa mitundu yapadera, inki yosakanizidwiratu motsatira nambala za Pantone, kuti chizindikiro cha sukulu kapena cha kampani chizituluka chimodzimodzi chaka ndi chaka.

Kukula kwa pepala kumatchulidwa kawirikawiri m'dzina la makina. GTO 52 imalandira pepala lofika masentimita 36 ndi 52, pomwe Ryobi 3302 imalekezera pa 34 ndi 45. Pepala la A3 ndi la mamilimita 297 ndi 420, koma ntchito ya A3 imafuna pepala lokulirapo, chifukwa pamene pagwira magripa sipasindikizidwa, komanso mtundu wofika m'mphepete umayenera kupyola pang'ono pamzere wodulira. Kupyolako ndiko amakutcha bleed. GTO imalowetsa pepala chopingasa, mbali yaitali ili kutsogolo, ndipo izi zimathandiza posindikiza malo aakulu a mtundu umodzi.

Madzi onyowetsera pleti si madzi wamba. Amasakanizidwa ndi mankhwala kuti akhale ndi asidi pang'ono, cha m'ma pH 5, ndipo ena amathiramo alcohol. Akachuluka mtundu umazilala; akachepa inki imadetsa malo oyenera kukhala oyera. Makina akale ali ndi marola ovekedwa nsalu, omwe amachedwa kukhazikika ndipo amawonongetsa mapepala ambiri poyambira ntchito.

Nyumba zing'onozing'ono zosindikizira mabuku zimagula kwambiri makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Kauntala ya makina otere imaonetsa kuchuluka kwa mapepala amene adutsamo, monga mmene galimoto imaonetsera makilomita, ngakhale kuti nambalayo yokha siulula mmene makinawo ankasamalidwira. Umboni weniweni ndi kusindikiza pepala lodzaza mtundu umodzi, kenako kulibwezamo kachiwiri: silinda yophwanyika, marola ouma ndi magripa otha zimaonekera pamenepo. Wogula amafunsanso ngati makinawo amafuna magetsi a three-phase, ngati zipangizo zosinthira ndi amakaniko ake amapezeka pafupi, ndi ngati ali ndi chida choika manambala ndi kuboola mzere wong'ambira, chifukwa mabuku a malisiti ndi mainivoisi a mapepala a NCR, okopera popanda kaboni, amafuna manambala ndi mzere wong'ambira.